Ulendo Wolondola Batire Lakufa, Kucokera ku Lusaka Kufika ku Chambishi

Makolo athu ataona koyamba mabatire a wailesi ndi a tochi, anawacha dzina lakuti miyala. Kufikira lero kumudzi agogo amatuma mdzukulu kukantini kuti akagule miyala iwiri, ndipo mwanayo sabwerako ndi miyala ya kudambo. Amene anayambitsa dzinali kapena anangoona kulemera kwa kanthuko, komabe analasa penipeni, pakuti batire liri lonse ciyambi cake ndi mwala. Mkuwa, kobalti ndi litiyamu zimene ziri m'foni yanu zinakumbidwa pansi ndi munthu wina, zinaphwanyidwa, zinasungunulidwa, zinaoloka nyanja, ndipo zinabwera kwa inu zitavala pulasitiki.

Mwezi uno, awerengi okondedwa, tikutengani pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Migodi, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kukafika ku Chambishi. Ambiri a inu munauyendapo popita ku maliro, ku ukwati kapena kukafuna nchito. Ife tinauyenda ndi funso limodzi: kodi batire la litiyamu likafa limapita kuti, ndipo liyenera kupita kuti? Tinayambira kumene mabatire amafera, ndipo tinakathera kumene zitsulo zake zimabadwira.

Mu Katondo Street

Ali yense amene anagulapo foni yogwirapo kale nchito mu Lusaka adziwa Katondo Street, kamseu kopatuka mu Cairo Road. Anyamata amaima m'mbali mafoni ali m'manja, ndipo m'tizipinda tothina okonza mafoni amawerama pa matebulo awo kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Pansi pa tebulo la mmodzi wa iwo tinaona katoni yodzala ndi mabatire ocotsedwa m'mafoni ndi m'makompyuta a m'manja, ena atatupa ngati vitumbuwa. Mnyamatayo anatifotokozera kuti batire la galimoto likafa silisowa wogula, cifukwa ogula zitsulo zakale adziwa mtengo wa mtovu umene uli m'kati mwake. Koma tating'ono iti amangotiunjika, ndipo katoni ikadzala imapita pamodzi ndi zinyalala zina.

Tiyeni tilitsegule batire limeneli ndi mau okha, pakuti kulitsegula ndi mpeni ndiko kuputa moto. M'kati mwake muli timapepala tiwiri ta citsulo, topyapyala, tokulungidwa pamodzi ngati mpukutu wa nsalu. Koyamba ndi ka mkuwa, kopakidwa graphite, mwala wakuda wofewa womwe uja timalembera m'pensulo. Kaciwiri ndi ka aluminiyamu, kopakidwa ufa wa litiyamu wosakaniza ndi zitsulo zina. M'mafoni citsulo cosakanizaco kawirikawiri ndi kobalti. M'magalimoto ambiri oyendera magetsi muli nikelo, manganizi ndi kobalti. M'mabatire ambiri a sola a masiku ano muli aironi ndi fosifeti, mulibe kobalti. Pakati pa timapepala tiwirito pali kansalu ka pulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo zonse zanyowetsedwa ndi madzi a mankhwala amene sacedwa kuyaka. Pamene tichaja foni, litiyamu amasamukira mbali ya graphite, ndipo pamene tiimba lamya amabwerera kumene anacokera. Ulendo uli wonse wotere umalikalambitsa pang'ono, kotero kuti pakapita zaka ziwiri kapena zitatu batire la foni limayamba kutha moto dzuwa lisanapendeke.

Ngozi yake iri pa kansalu ka pakati kaja. Kakang'ambika cifukwa ca kuboola, kupsinja kapena kutentha, mbali ziwirizo zimakhudzana, batire limatentha lokha, ndipo limabuka moto wovuta kuzima, wokhala ndi utsi woononga mapapo ndi maso. Batire lotupa ndiye kuti m'kati mwayamba kale kupangika mpweya. Limene ife tikuti lafa nthawi zambiri likali ndi mphamvu yokwanira kutentha nyumba.

Mabatire a mtundu uwu sanakhalitse padziko. Kampani ya Sony ya ku Japan ndiyo inayamba kuwagulitsa mu 1991, ndipo mu 2019 akatswiri atatu amene anawatulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel. Kuno kwathu anayamba kulowa m'matumba mwathu pamodzi ndi mafoni, koma caka cimene analowa m'nyumba mwaunyinji ndi 2024. Mvula inakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo panafika miyezi imene mabanja ambiri anali kukhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Amene anali ndi ndalama anagula sola ndi batire lalikulu lopacika pakhoma. Amene analibe anagula nyale yochaja, kawailesi kochaja ndi kabokosi kosungira moto wa foni. Zonsezi zinatithandiza m'nyengo yamdima, ndipo zonsezi tsiku lina zidzafa.

Utsi wa ku Chunga

Basi ikanyamuka pa Intercity ndi kulunjika kumpoto mu Great North Road, isanatuluke mumzinda, capatali kumanzere kuli Chunga, kumene magalimoto amakakhuthula zinyalala za Lusaka. Kumeneko amai, anyamata ngakhale ana amafukula milu kufunafuna mabotolo, makatoni ndi zitsulo zoti akagulitse. Batire la mu katoni ija likafika pano limapondedwa ndi matayala, limapsinjidwa ndi makina, limaphikidwa ndi dzuwa la October pakati pa mapepala ndi mapulasitiki. M'maiko ambiri oyang'anira zinyalala akudandaula kuti moto wobuka m'magalimoto awo ndi m'malo otayirako kawirikawiri umayamba ndi mabatire amenewa. Dziko la South Africa linaletsa kuwataya m'malo otere kuyambira mu August 2021.

Komabe zinyalala zambiri za m'makomboni sizifika ku Chunga. Zimathera m'dzenje la kuseri kwa nyumba kumene timasonkhako moto madzulo, kapena m'ngalande, kapena m'cimbudzi cokumba. Ambiri a ife timaganiza kuti cimbudzi ndiwo malo abwino obisirako cinthu coopsa kuti ana asacipeze. Tikumbukire kuti mzinda wa Lusaka unakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi amayenda msanga pansi pake. Ku Kanyama ndi m'makomboni ena citsime ndi cimbudzi nthawi zina zimangotalikirana mapazi owerengeka. Cimene tiponya m'dzenje sicikhala m'dzenjemo mpaka muyaya.

Fumbi la ku Kabwe

Titapitirira minda ikuluikulu ya ku Chisamba ndi misika ya m'mbali mwa mseu ku Chibombo, kumene amai amathamangira basi ndi mbale za tomato ndi mavwende, tinafika ku Kabwe, makilomita pafupifupi 140 kucokera ku Lusaka. Ndi mzinda wodekha, wa miseu yotakata ndi mitengo yakale, mzinda wa njanji. Mlendo wongodutsa sangadziwe kuti dzina lake limachulidwa pakati pa malo oipitsidwa koposa pa dziko lonse lapansi.

Mu 1902 mzungu wina wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa tizitunda ta kuno, ndipo anacha malowa Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Mu 1921 ogwira nchito mumgodi anafukula cibade ca munthu wamakedzana cimene cinachukitsa malowa, ndipo naconso cinakwera sitima: kufikira lero ciri ku London. Kwa zaka pafupifupi 90 mtovu unakumbidwa ndi kusungunulidwa pano, utsi wa ng'anjo ukugwera pa madenga, pa minda ndi pa mabwalo osewerera. Mgodi unatsekedwa mu 1994. Zitsulo zinapita, malipiro anatha, koma panatsala mulu wa zotsala za mgodi wolemera matani mamiliyoni angapo, ndi dothi lodzala mtovu m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa.

Tinayenda m'makomboni amenewa masana, mphepo ikuulutsa fumbi. Ana anali kusewera mpira wa mapulasitiki opanda nsapato, ang'onoang'ono akukwawa pakhomo ndi kuika zala m'kamwa monga amacitira ana onse. Mtovu sununkha ndipo suwawa pa lilime. Umalowa m'magazi pang'onopang'ono, umacepetsa magazi, umaononga ubongo umene ukukula, ndipo mai wapakati amaupatsira mwana wosabadwa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene udziwika kuti ndi wosavulaza. Pa muyeso umene madokotala amagwiritsa nchito, mwana akafika pa 5 pamafunika kucitapo kanthu, ndipo akafika pa 45 amafunika mankhwala ocotsa mtovu m'thupi. Ofufuza a pa University of Zambia pamodzi ndi anzawo a pa Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa mu 2015 zimene anapeza atapima ana a m'makomboni atatuwa: ambiri anali atapitirira 45.

Mu October 2020 maloya anakasuma kampani ya Anglo American South Africa ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amai pafupifupi 140,000. Kampaniyo inakana mlandu, ponena kuti siinali mwini mgodi ndiponso kuti mgodiwo unapitiriza nchito zaka 20 uli m'manja mwa boma. Mu December 2023 khoti linakana kuti mlandu uzengedwe monga wa gulu, ndipo odandaula anacita apilo. Ife sitiri oweruza. Cimene tiona ndi cakuti zaka zoposa 30 zapita cicitsekere mgodi, akuluakulu akukanganabe kuti fumbi ndi la yani, pamene ana akulipuma.

Wina angafunse kuti kodi Kabwe ikhudzana bwanji ndi batire la foni, popeza m'batire la litiyamu mulibe mtovu. Coyamba, mtovu wambiri wa padziko, magawo oposa 8 mwa 10, umapita m'mabatire a galimoto ndi a sola a mtundu wakale, ndipo amenewa akali oculuka m'nyumba zathu. Kumene anthu amawaphwanya ndi nkhwangwa ndi kusungunula mtovu pabwalo, Kabwe yaing'ono imabadwa. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar m'dziko la Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 cifukwa ca nchito yotere. Caciwiri, Kabwe itiphunzitsa cimene cimacitika pamene citsulo cabweretsa phindu koma palibe amene anauzidwa pa ciyambi kuti zotsala zidzakhala zake. Madzi akatayika saoleka. Funso lakuti adzasesa ndani liyenera kuyankhidwa malonda akali kuyenda bwino.

Pa mphambano ya Kapiri Mposhi ndi phiri lakuda la Kitwe

Ku Kapiri Mposhi mseu umagawika. Wa kumanja umapita ku Serenje, ku Mpika ndi ku Nakonde, motsatana ndi njanji ya TAZARA yofika ku Dar es Salaam. Ndiwonso umene amatenga opita ku Mansa, kumene akulu a msinkhu wathu akumbukira kuti kunali fakitale ya Mansa Batteries, yopanga miyala ya wailesi ndi manganizi a ku Luapula komweko, kufikira inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Dziko lino linapangapo kale mabatire akeake.

Ife tinatenga wa kumanzere, wopita ku Ndola, ndipo tinakumana ndi mndandanda wosatha wa magalimoto akuluakulu otsika kucokera kumpoto. Ena anyamula mkuwa wa kuno, ena anaolokera pa Kasumbalesa ndi mkuwa ndi kobalti wa ku Congo, dziko limene limatulutsa magawo pafupifupi 7 mwa 10 a kobalti yense wa padziko. Onse akupita ku madoko a nyanja. Anansi athu enanso ali pa malonda omwewa: Zimbabwe ikumba litiyamu ku Bikita ndi kwina, ndipo mu December 2022 inaletsa kutumiza kunja mwala wake wosayenga, Mozambique ikumba graphite ku Balama. Pafupifupi zonse zofunika popanga batire ziri m'cigawo cathu cino ca Africa. Ndiye cifukwa cake pa 29 April 2022 maboma a Zambia ndi Congo anasainirana pangano ku Lusaka lakuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire a magalimoto a magetsi, ndipo mu December caka comweco boma la United States linasaina nawo cikalata colonjeza kuthandiza.

Polowa mu Kitwe, ca ku Wusakile, maso amagwera pa phiri lakuda limene silinalengedwe ndi Mulungu. Ndi zotsala za m'ng'anjo ya ku Nkana, zimene zinayamba kutayidwa pamenepo m'zaka za m'ma 1930 ndipo zinaunjikana kufika matani pafupifupi 20 miliyoni. Amene anazitaya anali kufuna mkuwa, ndipo kobalti wambiri anapita ndi zotsalazo. Patapita zaka, cimene cinali dzala cinasanduka cuma colimbirana. Anyamata osowa nchito anayamba kulikumba, ndipo mu June 2018 mbali ina ya phirilo inagumuka ndi kupha anthu osacepera 10.

Apa tiime pang'ono ndi kuyerekeza. M'zotsala za ku Nkana, tikatenga phiri lonse pamodzi, kobalti sakwana gawo limodzi mwa magawo 100. M'batire la foni kobalti angafike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Ndiye kuti katoni ya mnyamata wa mu Katondo Street, kilogalamu pa kilogalamu, ndi mwala wolemera kwambiri kuposa umene ana athu anafera pa phiri lakuda. Kusiyana kwake ndi kwakuti phiri liri pamalo amodzi, pamene mabatire amwazikana m'madirowa, m'maenje ndi m'zimbudzi za dziko lonse.

Ku Chambishi, kumene luso lilipo

Kodi batire lakufa amalibweza bwanji kukhala citsulo? Poyamba amalicotsa mphamvu yotsala, nthawi zina politaya m'madzi a mcere kwa masiku angapo. Pambuyo pake makina amalinyenya m'cipinda cotsekedwa cosalowa mpweya woyatsa moto. Amapeta ndi kusefa, monga amai amasiyanitsira gaga ndi mphale: pulasitiki payokha, mkuwa paokha, aluminiyamu payekha. Cotsala ndi ufa wakuda umene amalonda amaucha black mass, ndipo m'menemo ndimo muli litiyamu, kobalti, nikelo ndi graphite.

Ufa uwu uli ndi njira ziwiri. Ina ndi ya moto: amausungunula m'ng'anjo yotentha koposa, kobalti, nikelo ndi mkuwa zimatsika pansi, koma litiyamu amapita ndi zotsala, ndipo kumubweza kumafuna nchito ina. Ina ndi ya madzi: amausungunula m'asidi, ndipo ndi mankhwala osankha amakoka citsulo cimodzicimodzi kufikira ciri conse citaima pacokha, coyera mokwanira kupangira batire latsopano. Mafakitale abwino amabweza magawo oposa 9 mwa 10 a kobalti ndi nikelo. Citsulo sicikalamba. Kobalti wocokera m'foni yakufa sasiyana ndi wocokera pansi.

Munthu wa ku Migodi akamva kufotokoza kumeneku amamwetulira, pakuti njira zonse ziwiri ndi zakwao. Ku Nchanga, mu Chingola, fakitale yosungunula zotsala za mgodi m'asidi ndi kukokamo mkuwa inayamba nchito mu 1974, ndipo pa nthawiyo inali pakati pa zazikulu koposa padziko. Ku Chambishi, pakati pa Kitwe ndi Chingola, fakitale yoyenga kobalti inatsegulidwa mu 1978, ndipo mu 2001 anamangapo ng'anjo ya magetsi yocotsera kobalti m'zotsala zomwe zija za ku Nkana. Mu 2020 eni ake anaimitsa nchito cifukwa cosowa mwala wokwanira woti ayenge. Tinaima m'mbali mwa mseu kuyang'ana macumuni ndi matanki a cigawo cimeneci, ndipo tinaganizira amuna ndi akazi a m'matauni awa amene anathera moyo wao wonse pa nchito yolekanitsa citsulo ndi citsulo. Luso limene maiko ena akuliphunzira lero kuti abweze mabatire, ife tiri nalo zaka 50.

Komanso Chambishi yomweyo iri ndi cenjezo. Pa 18 February 2025 damu la zotsala la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linaphulika, ndipo malita osacepera 50 miliyoni a madzi a asidi anathamangira mu mtsinje wa Mwambashi ndi kulowa mu Kafue. Nsomba zinayandama, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi. Kubweza mabatire ndi asidi nakonso kumasiya madzi oipa amene afunika kusungidwa bwino. Nchito imene icitika mosasamala, ngakhale iri ndi dzina lokoma loteteza cilengedwe, ingathe kutibalira Kabwe ina.

Cimene cisowa

Fakitale siingayende popanda cakudya cake. Fakitale yobweza mabatire imafuna matani zikwizikwi pa caka, ndipo dziko limene silinayambe kusonkhanitsa silingaikhutitse. Cotero nchito yoyamba ndi yonyozeka: kutolera, kusankha, kusunga mosamala. Dziko la Rwanda linayambira pamenepa. Mu 2017 linatsegula malo ku Bugesera olandirira ndi kuphwasula zipangizo zakufa za magetsi. Posankhapo pamapezekanso phindu lina. Batire la kompyuta ya m'manja limakhala ndi timabatire tingapo m'kati, ndipo kawirikawiri takufa ndi kamodzi kapena tiwiri cabe. Totsalato, tikapimidwa ndi munthu wophunzitsidwa, tingathe kuyatsa nyale zaka zina. Batire la galimoto ya magetsi limapumitsidwa likali ndi magawo 7 kapena 8 mwa 10 a mphamvu yake, yokwanira kusunga moto wa sola pa sukulu kapena pa cipatala ca kumudzi.

Vuto lina ndi la ndalama. Batire lokhala ndi kobalti limadzilipirira lokha ulendo wake. Koma mabatire akuluakulu a sola amene tinagula mu 2024, ambiri ndi a aironi ndi fosifeti. Ndi abwino, sayaka msanga ndipo amakhalitsa, koma akafa mulibe citsulo ca mtengo wapatali coti wamalonda acithamangire. Popanda lamulo, amenewa ndiwo adzatsala kuseri kwa nyumba. Dziko la India linakhazikitsa malamulo mu August 2022 onena kuti wopanga kapena wobweretsa batire m'dziko ndiye ayenera kuona kuti latoleredwa ndi kubwezedwa likatha nchito. Maiko a European Union anapanga lamulo lao mu 2023, lolamula kuti pofika kumapeto kwa 2027 mafakitale azibweza magawo 90 mwa 100 a kobalti, mkuwa ndi nikelo, ndi theka la litiyamu. Ife tiri ndi bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndiponso malamulo a 2018 onena za udindo wa wopanga ndi wobweretsa katundu, amene ambiri tinawadziwira pa kuletsa matumba opyapyala a pulasitiki. Mfundo yake ndi yomweyo ya ku India. Cofunika ndi kuti imveke m'sitolo iri yonse yogulitsa sola, ndi pa cipata ciri conse polowera mafoni ndi makompyuta a salaula amene mabatire ao afika atatopa kale. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anadandaula pa cinthu comweci, kuti mafakitale athu sanaphunzire kubweza zotsala zao monga cilengedwe cimabwezera masamba ogwa kukhala manyowa.

Poyembekeza akuluakulu, banja liri lonse liri ndi mbali yake. Batire lakufa tisaliponye pamoto, m'cimbudzi kapena m'dzenje la zinyalala. Tisaliboole, tisalimenye ndi mwala, ndipo tisalole ana kuliseweretsa. Foni ikatupa msana tileke kuichaja tsiku lomwelo. Batire locotsedwa timate tepi pa timano take ta citsulo, tiliike m'citini ca mcenga wouma, pamthunzi, kutali ndi khichini ndi pogona. Pogula latsopano tipite nalo lakale ndi kufunsa wogulitsa ngati alilandira. Angakane lero, koma akafunsidwa ndi anthu zana adzayamba kufunsa amene amamuodetsa katundu. Makomiti a sukulu, a zipatala ndi a maparishi amene akuika sola alembetse m'pangano, asanalipire, kuti kampani idzabwera kudzatenga batire likatha. Ndipo kumene khonsolo ndi otolera okhala ndi cilolezo ca ZEMA angagwirizane, bwalo la parishi kapena la sukulu lingakhale malo osonkhanitsira pa tsiku loikika. Mutu umodzi susenza denga.

Tinacoka ku Chambishi dzuwa likulowa, magalimoto a mkuwa akali kutsika kummwera. Batire la sola labwino limakhala zaka pafupifupi 10. Ndiye kuti unyinji umene unalowa m'dziko m'caka ca cilala udzayamba kufa ana amene ali mu Giredi 1 lero asanamalize sukulu ya sekondale. Anthu a ku Broken Hill sanauzidwe cimene utsi unali kusiya m'dothi lao. Ife tauzidwa, ndipo tapatsidwa zaka zowerengeka zoti tikonzekere. Zengerezu analinda kwaukwau.